Kupanga kachombo ka katundu koyendetsa ndi rimoti: mafunso ndi mayankho

Kodi chombo cha katundu cha mumtsinje n'chotani, ndipo chimasiyana bwanji ndi boti wamba?

Chombo chimenechi, chomwe amalinyero amachitcha barge, ndi bokosi lalitali loyandama. Kunsi kwake n'kophwatalala, m'mbali mwake n'moongoka, ndipo kutsogolo ndi kumbuyo amakupendeketsa kuti madzi azidutsa pansi mosavuta. Ntchito yake ndi kusenza katundu wolemera pamadzi osaya. Boti la panyanja ya Malawi limasongoka kunsi kuti lizing'amba mafunde, ndipo kusongokako kumalilowetsa kwambiri m'madzi. Chombo chophwatalala chimagawa kulemera kwake pamalo aakulu, motero chimadutsa pamene boti losongoka likanatitimira m'matope. Zombo zambiri zamtunduwu zilibe injini, zimachita kukankhidwa kapena kukokedwa. Zina zili ndi injini yakeyake, ndipo mtundu umenewu ndi womwe umayenera munthu amene akupanga kachombo koyamba.

Zombo zotere zinagwira ntchito yaikulu m'mbiri ya dziko lino. Kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala, inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndipo inkadutsitsa katundu wake m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire. Kuyambira 1891 katundu wolowa ndi wotuluka ankadzera padoko la Chinde, pamathiriro a Zambezi. Sitima zanthunzi zinkakwera mtsinje zitamangirira zombo za katundu m'nthiti mwake. Ulendo wapamadziwu unazilala njanji itafalikira, makamaka mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935. Mu October 2010, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje pofuna kuukitsa njirayi, koma chombo choyamba, chimene chinanyamula feteleza, chinaimitsidwa m'dziko la Mozambique chisanafike.

Nanga nkhani imeneyi ikukhudza bwanji boma la Phalombe?

Kumpoto kwa Phalombe kuli nyanja ya Chilwa, imene imalandira madzi a mitsinje ya Phalombe ndi Sombani yochokera kuphiri la Mulanje. Nyanjayi ndi yosaya kwambiri. M'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita 2 kapena 3, ndipo yazunguliridwa ndi dambo lalikulu la njedza. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 madzi anabwereranso kutali ndi madoko. Asodzi a matemba, makumba ndi milamba a ku Swang'oma amadziwa bwino kuti pamadzi otere chofunika ndi chombo chimene sichikhudza pansi ngakhale chitadzaza. N'chifukwa chake m'madambo a nyanjayi bwato limayenda ndi mponda wokankhira pansi.

Mwana wa sukulu kapena mmisiri amene apanga kachombo kophwatalala amakhala akuyankha funso lomwelo la asodziwo, koma pamlingo waung'ono. Malamulo amene amayandamitsa chombo cha matani 160 ndi omwewo amene amayandamitsa kachombo ka makilogalamu 6.

Kodi kukula kwa kachomboka amakusankha motani?

Mlingo wabwino woyambira ndi masentimita 80 m'litali, 20 m'lifupi ndi 10 msinkhu. Kachombo kochepera apa kamavuta kuikamo mabatire ndipo kamagwedezeka ndi kamphepo kalikonse. Kokulirapo kamavuta kunyamula panjinga. Pa sikelo ya 1:30, pamene sentimita imodzi ikuimira masentimita 30, kachomboka kakuimira chombo cha mamita 24 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi.

Masamu ofunika kwambiri amachitika thabwa lisanadulidwe. Chinthu choyandama chimakankha madzi olemera mofanana ndi icho chomwe, lamulo limene Archimedes wa ku Syracuse analifotokoza zaka zoposa 2,000 zapitazo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Kachombo kakalowa m'madzi masentimita 5, bokosi la 80 ndi 20 ndi 5 limatenga malo a malita 8. Kupendeketsa kwa kutsogolo ndi kumbuyo kumachotsapo pafupifupi malita 2, n'kutsala 6. Choncho kachombo konse, pamodzi ndi thupi lake, mota, mabatire ndi katundu, kayenera kulemera makilogalamu 6. Thupi la pulayiwudi ndi zamagetsi zimakwana pafupifupi makilogalamu 2 ndi theka, ndipo otsalawo ndi a katundu. Kuchokera pamenepo, kilogalamu imodzi ndi theka iliyonse yowonjezera imatsitsa kachomboka ndi sentimita imodzi.

Kulemera sikutsata sikelo mwachindunji. Popeza litali, lifupi ndi msinkhu zonse zachepa ka 30, kulemera kumachepa ka 30 kuchulukitsa 30 kuchulukitsanso 30, kumene ndi 27,000. Makilogalamu 6 aja akuimira matani oposa 160.

Liwiro nalo lili ndi lamulo lake, limene William Froude wa ku England analitsimikiza m'zaka za m'ma 1870 pokoka tizombo m'thanki lalitali ku Torquay. Pa sikelo ya 1:30 liwiro limachepa ka 5 ndi theka, nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka pafupifupi 30. Chombo chenicheni choyenda makilomita 10 pa ola chikufanana ndi kachombo koyenda theka la mita pa sekondi, pang'onopang'ono kuposa munthu woyenda wapansi. Opanga ambiri amalakwa pomwepa. Amafuna kachombo kothamanga, n'kuikamo mota yaikulu imene imangokwirira mphuno m'madzi ndi kumaliza batire. Chombo cha katundu chimakongola chikamayenda mwaulemu, chikusiya kamfunde kakang'ono kumbuyo.

Kodi zipangizo za thupi la kachombo zimapezeka kuti?

Pafupifupi zonse zimapezeka m'boma momwemo. Akalipentala a pa Migowi, pa Chiringa ndi pa boma la Phalombe amakhala ndi zidutswa za pulayiwudi ya mamilimita 3 kapena 4, ndiponso timizere ta matabwa totsala popala. Timizere ta sentimita imodzi mbali zonse ndi tokwanira kulimbitsa m'makona. Pamafunikanso sowo ya mano aang'ono, sandipepa, timisomali, penti ya mafuta ndi guluu wosalowa madzi.

Nkhani ya guluu ndi yofunika kuisamala. Guluu woyera wamba wa matabwa amafewa akakhalitsa m'madzi. Wodalirika ndi uja wa machubu awiri osakaniza, wotchedwa epoxy, amene amagulitsidwa m'mahadiweya ndi m'masitolo a zida za galimoto.

Njira ina ndi malata osalala. Amisiri okhoma ndowa ndi mbaula angathe kupinda thupi lonse kuchokera pa lata limodzi ndi kuwotcherera m'makona. Thupi la lata silivunda, koma limachita dzimbiri ndipo limatsekereza mafunde a rimoti, motero eriyo iyenera kutulukira kunja. Kwa woyamba, pulayiwudi ndi yabwino chifukwa cholakwa chimakonzedwa ndi mpeni ndi sandipepa.

Thupilo limamangidwa motani?

Ntchito imayamba pa katoni. Mmisiri amajambula mbali ya kachombo pamlingo wake weniweni: mzere wapamwamba wa masentimita 80, wapansi wa masentimita 50, ndipo kumapeto konse mzere wopendekeka umene umakwera masentimita 7 pa mtunda wa masentimita 15, n'kusiya kachipumi ka masentimita 3. Katoniyo ikadulidwa imakhala chikombole.

Mbali ziwiri za pulayiwudi amazikhomera pamodzi ndi timisomali tiwiri, n'kuzidula ndi kuzipala nthawi imodzi. Zikasiyana ngakhale ndi mamilimita ochepa, thupi limapotoka ndipo kachombo kamakhotera mbali imodzi moyo wake wonse. Kenaka amadula zipupa zam'kati zinayi zofanana ndendende, n'kuziimika pakati pa mbali ziwirizo, zonse zitagadamitsidwa pa tebulo losalala. Sikweya ya kalipentala iyenera kutsimikiza kona iliyonse guluu asanaume. Timizere ta thabwa timamatidwa m'mphepete monse mmene thabwa lapansi lidzakhale, kuti guluu apeze pogwira pokwanira. Thabwa lapansi limaikidwa m'zigawo zitatu: lapakati, lakutsogolo ndi lakumbuyo.

Zipupa zinayizo zimagawa kachombo m'zipinda zisanu. Chakutsogolo kwenikweni ndi chakumbuyo kwenikweni amazidzaza ndi zoyera zopepuka zija zotetezera mawailesi ndi mafiriji m'makatoni, kuti kachombo kasamire ngakhale katabooka. Ziwiri zapakati ndi za katundu, ndipo chotsatira chakumbuyo ndi cha mota ndi zamagetsi.

Zipupazi zili ndi ntchito ina imene sioneka msanga. Madzi akalowa m'chombo chopanda zipupa amathamangira mbali imene chapendekera n'kuwonjezera kupendekako. Aliyense amene anasenzapo beseni la madzi losadzaza amadziwa mmene madzi amakankhira uku ndi uku mpaka khosi kugwedezeka. Madzi ochepa chabe oyenda momasuka angathe kugubuduza chombo chimene chikanapirira katundu wochuluka wokhazikika.

Asanatseke pamwamba, mmisiri amapaka penti m'kati monse, chifukwa pulayiwudi imafufuma kuyambira m'mphepete mosapakidwa. Kunja kumafuna penti katatu, ndipo nthawi iliyonse iume bwino ndi kukwechedwa pang'ono. Mzere wa madzi, pa masentimita 5 kuchokera pansi, umalembedwa ndi penti ya mtundu wina. Kuyesa koyamba kumachitikira m'bafa kapena m'mgolo wodula pakati: kachombo kamasenzetsedwa miyala mpaka pamzere uja n'kusiyidwa usiku wonse, m'zipinda mutayalidwa pepala louma. Pepala likapezeka lonyowa m'mawa, limasonyeza pamene pakudontha.

Kodi kachomboka kamayenda ndi chiyani?

Mota yaing'ono ya mavoti 6 mpaka 12 ndi yokwanira, monga zimene zimachotsedwa m'mapulinta akufa. Okonza mawailesi ndi mafoni m'misika nthawi zambiri amasunga zotere. Mota imazunguza kamtengo kachitsulo kamene kamatulukira kumbuyo, ndipo kunsonga kwake kumakhala pulopela.

Sipoko ya njinga imagwira bwino ntchito ya kamtengoka, malinga ikhale yoongoka. Imadutsa m'kapaipi kochokera ku eriyo ya wailesi yakale, kamene kamamatidwa ndi epoxy pabowo la thabwa lopendekeka lakumbuyo. M'kapaipimo amadzazamo girisi, amene amafewetsa kuzungulira ndiponso kutsekereza madzi. Mota ndi sipoko zimalumikizidwa ndi kachubu karabala kothina, monga ka vavu ya njinga. Ziwirizi zikhale pamzere umodzi. Zikapotokana, kachombo kamanjenjemera, kamalira kwambiri ndipo mota imatentha.

Pulopela ya masentimita 3 ingathe kugulidwa, kapena kudulidwa pa chitini cholimba: kabwalo kogawidwa masamba atatu, lililonse lopotozedwa mofanana, kowotcherera kunsonga kwa sipoko. Iyenera kubisala pansi pa kupendekeka kwa kumbuyo, osatsika kupitirira thabwa lapansi, kuti isamakhule matope. Apa pamaonekera chifukwa chimene kachombo kopanda katundu sikayenda bwino. Kakakhala kopepuka kamangolowa m'madzi masentimita 2, pulopela n'kumamenya mpweya. Zombo zenizeni zikatsitsa katundu zimapopera madzi m'matanki ake pa chifukwa chomwechi.

Tsigiro ndi kalata ka masentimita 4 mbali zonse, koikidwa kumbuyo kwenikweni kwa pulopela kuti madzi okankhidwa azilimenya. Kapaipi kamene mtengo wa tsigiro umadutsamo kafike pamwamba pa mzere wa madzi. Tsigiro lisapotoke kupitirira madigiri 35 mbali iliyonse, chifukwa kupyola apo limangokhala buleki. Timizere tiwiri tomatidwa chamlitali kunsi chakumbuyo timathandiza kuti kachombo kasamatererekere m'mbali.

Pamadzi a udzu ndi ndere, monga m'mphepete mwa Chilwa, pulopela imakulungiza zinyalala msanga. Yankho lake ndi lakale: gudumu la zopalasira loikidwa kumbuyo, longa la sitima zambiri zanthunzi za mu Zambezi ndi Shire. Gudumuli limangokhudza madzi apamwamba, koma limafuna kuzungulira pang'onopang'ono, choncho mota yake ikhale ya magiya, monga ya galimoto ya chidole.

Rimoti imalamula bwanji kachombo kali patali?

Luso limeneli si latsopano. Nikola Tesla anaonetsa boti loyendetsedwa ndi mafunde a wailesi ku Madison Square Garden mumzinda wa New York mu 1898. Zida za masiku ano zili ndi zigawo zinayi. Rimoti ya m'manja imatumiza mafunde. Risiva ya m'kachombo imawalandira. Servo, kabokosi kokhala ndi mota ndi magiya, imapotoza kamkono kake molingana ndi lamulo, ndipo kamkonoko kamakoka tsigiro kudzera pa waya wolimba. Chachinayi ndi ESC, kachipangizo kokhala pakati pa batire ndi mota, kamene kamachepetsa kapena kuwonjezera liwiro ndi kubweza mota chambuyo. ESC zambiri zimaperekanso magetsi a mavoti 5 kwa risiva, motero batire imodzi imakwanira zonse. Pogula, ESC ikhale ya mota za mawaya awiri ndiponso yotha kubwerera m'mbuyo, pakuti za ndege sizibwerera.

Marimoti ambiri tsopano amagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz, omwenso Wi-Fi ndi Bluetooth zimayendera. Rimoti iliyonse imamangidwa kwa risiva yake, choncho tizombo tingapo tingathe kuyenda padziwe limodzi popanda kusokonezana. Mafundewa salowa m'madzi, ndiye nsonga ya eriyo iyenera kukhala pamwamba, makamaka m'kanyumba ka woyendetsa. Mafunde a wailesi m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, ndipo palibe chifukwa chowonjezera mphamvu ya rimoti, popeza kachombo kamasiya kuoneka bwino ndi maso mafunde asanathe.

Poyatsa, rimoti imayamba ndipo kachombo kamatsatira. Pozimitsa, kachombo ndi kamene kamayamba.

Nanga amene sangakwanitse kugula zida zimenezi angatani?

Zida zinayi zija sizipezeka m'misika ya kumudzi. Zimachita kuitanitsidwa kudzera mwa ogulitsa zamagetsi ku Limbe ndi ku Blantyre kapena kwa abale a ku Johannesburg. Koma galimoto ya chidole ya rimoti, ngakhale yothyoka matayala, ili ndi zonse zofunika: rimoti, kabolodi kolandira mafunde ndi mamota awiri. Batani limodzi limazunguza mota yoyamba kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo linalo limachita chimodzimodzi ndi mota yachiwiri.

Mmisiri amaika mapulopela awiri, wina kumanzere wina kumanja, aliyense ndi mota yake, ndipo tsigiro silifunikanso. Onse awiri akakankha, kachombo kamapita kutsogolo. Wakumanja yekha akakankha, kamakhotera kumanzere. Wina akakankha mnzake akubweza, kamazungulira pamalo amodzi, chinthu chimene zombo zenizeni za injini ziwiri zimachita pokocheza padoko lopanikizika. Zala zimatenga kanthawi kuti zizolowere.

Njirayi ili ndi malire ake. Mafunde a zidole zambiri, makamaka za 27 MHz, safika patali, ndipo mtunda wake uyenera kuyezedwa pamtunda kachombo kasanaikidwe pamadzi. Kabolodiko kamapsa kakalumikizidwa ku mota yaikulu kapena ku batire yoposa mavoti ake. Mota zikamasokoneza mafunde, kakapasita ka 0.1 µF kowotcherera pakati pa miyendo iwiri ya mota kamathetsa vutolo. Popeza mota za zidole ndi zofooka, kachombo kotere ndi bwino kakhale ka masentimita 50.

Mabatire abwino ndi ati, ndipo amaikidwa pati?

Mabatire a lithium a mtundu wa 18650, amene amapezeka m'mabatire a malaputopu ndi m'matochi ena otchaja, amapereka mavoti 3.7 iliyonse. Awiri olumikizidwa motsatana amapereka 7.4, okwanira mota ya kachomboka. Mabatirewa safuna chibwana. Yotupa, yobooka kapena yochita dzimbiri isagwiritsidwe ntchito, ndipo kutchaja kuchitike ndi chaja yake, munthu ali pomwepo, kutali ndi udzu wa denga. Fyuzi yaing'ono pafupi ndi batire imateteza mawaya pulopela ikakodwa.

Chilichonse cholemera chikhale pansi ndiponso pakati. Zamagetsi zimatsekeredwa m'kontena ya pulasitiki ya chivindikiro, yokwezedwa pang'ono pa timatabwa. Katundu woyenera ndi timatumba ta mchenga wouma tosokedwa ngati matumba a mpunga kapena nandolo, ndipo tipanikizidwe kuti tisasunthe. Kumbuyo kukhale kotsikirako pang'ono kuposa kutsogolo. Kanyumba ka woyendetsa kapangidwe ndi zinthu zopepuka ndipo kasatalike, chifukwa kamakoka mphepo.

Kodi kachombo kayesedwe kuti?

Malo abwino ndi dziwe la nsomba, mwini wake atavomera, kapena damu laling'ono limene munthu angathe kulizungulira wapansi. Nthawi yabwino ndi m'mamawa mphepo isanadzuke. Kachombo kophwatalala kamatengeka msanga ndi mphepo yowomba m'mbali, ndipo m'miyezi ya June ndi July, pamene mwera ndi chiperoni zimawomba, mota yaing'ono singalimbane nayo. Pa maulendo oyamba, chingwe cha mbedza chomangidwa kumphuno chimabweza kachombo kakazima pakati pa madzi.

Mitsinje yotsika m'mapiri a Mulanje ndi Michesi si malo oyeserapo nthawi ya dzinja. Imadzaza mwadzidzidzi ngakhale kumunsi kusanagwe mvula, ndipo anthu a ku Phalombe akukumbukira napolo wa mu March 1991 ndi namondwe wa Freddy wa mu March 2023. Madzi odikha a m'madambo nawonso ali ndi nkhono zofalitsa likodzo, ndipo m'malo ena muli ng'ona. Munthu asasambire kutsatira kachombo. Nsungwi yaitali kapena bwato la msodzi ndi zimene zingakatenge, ndipo ana asapite kumadzi popanda wamkulu.

Kachombo kakatuluka m'madzi kamasamalidwa bwanji?

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho madzi ake ndi amchere, makamaka ikamaphwa. Mcherewo umadya sipoko, pulopela ndi mawaya msanga. Kachombo kakachoka pamadzi otere katsukidwe kunja ndi madzi a pamjigo, mabatire achotsedwe, zivindikiro zonse zitsegulidwe, ndipo kaume pamthunzi, popeza dzuwa lamphamvu limang'amba penti ndi kupinda pulayiwudi. Sipoko isololedwe nthawi ndi nthawi kuti ipukutidwe ndi kupakidwa girisi watsopano. Pamene penti yakalika papakidwenso kachombo kasanabwerere m'madzi. Mabatire amene akhale nthawi yaitali osagwira ntchito asungidwe ali ndi moto wa pakatikati, pamalo ozizira ndi ouma, nsonga zake zitakulungidwa ndi tepi.